Ku Monaco ndimagwirako ntchito, koma sindigonako

Abale ambiri akamva kuti ndimagwira ntchito ku Monaco, funso loyamba limakhala la ndalama, lachiwiri la viza. Ena amafunsa ngati n'zoona kuti kumeneko kulibe msonkho, achinyamata amafuna za magalimoto a mpikisano aja, ndipo pali ena amene amangoti, "Achemwali, tipezereniko kantchito." Mayankho a mafunso amenewa simungawapeze pa zithunzi za pa Facebook. Ambiri a iwo ali m'mbiri ya dzikoli, chifukwa malamulo amene amakhudza wantchito wobwera ngati ine anachokera ku zimene anthu ake anadutsamo.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Ndinayambira ku Johannesburg, kwa banja lina limene linadzandilumikiza ndi achibale awo a kuno, ndipo iwowo ndiwo anayendetsa mapepala. Amene ndimawasamalira ndi agogo aakazi, mbadwa yeniyeni ya Monaco. Miyendo inafooka, koma mutu ukadali bwinobwino, ndipo masana akakhala pa khonde sasowa nkhani. Zambiri zimene ndilembe pano ndinayamba kuzimva kwa iwo, kenaka n'kumakaziona ndekha pa masiku opuma.

Monaco ndi kadziko ka m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, kozunguliridwa ndi France kumtunda konse, ndipo malire a Italy ali pafupi. Kukula kwake ndi masikweya kilomita awiri ndi pang'ono, moti ukhoza kuyenda pansi kuchoka kumalire ena kukafika kwina ola lisanathe. Mumakhala anthu pafupifupi 38,000, koma mbadwa zenizeni, zokhala ndi pasipoti ya Monaco, sizikwana 10,000. M'mawa uliwonse anthu ena oposa 40,000 amalowa kudzagwira ntchito kuchokera ku France ndi ku Italy, madzulo n'kutulukanso. Ine ndili m'gulu limenelo. Ndimagona ku Beausoleil, tauni ya France imene inagundana ndi Monaco mpaka malire ake ndi msewu chabe: mbali iyi France, ukawoloka wafika Monaco. Lendi ya mkati mwa Monaco si ya munthu wolandira malipiro a pamwezi. Ophika, okolopa, anamwino, omanga nyumba, operekera zakudya m'mahotela, ambiri timakumana pa siteshoni ya sitima imene inakumbidwa mkati mwa phiri, ena akuchokera ku Nice, ena ku Menton, ena ku Ventimiglia.

Dzikoli lili ndi lamulo la ndondomeko ya olembedwa ntchito, ndipo aliyense wofuna kubwera alidziwe. Ntchito ikapezeka, woyamba kuganiziridwa ndi mbadwa. Kenaka abale apafupi a mbadwa, monga okwatirana nazo, kenaka alendo okhala mu Monaco momwemo, kenaka okhala m'matauni anayi oyandikana nawo, omwe ndi Beausoleil, Cap d'Ail, La Turbie ndi Roquebrune-Cap-Martin, ndipo ena onse amabwera pamapeto. Kampani ikamachepetsa antchito, ndondomeko yomweyo imatembenuka, wakutali ndiye amayamba kuchoka. Nyumba za boma za lendi yotsika ndi za mbadwa. Kubadwira m'chipatala cha kuno sikumupatsa mwana unzika, ndipo pali mabanja amene akhala kuno mibadwo ingapo koma akadali Afalansa kapena Ataliyana. Wopempha unzika ayenera kukhala atakhalamo zaka zosachepera khumi, komabe mawu omaliza ndi a Kalonga yekha.

Nditadandaula za lamuloli kwa agogo, sanakwiye. Anandiuza kuti, "Mwana wanga, ife m'dziko lathu lomwe ndife ochepa. Tikapanda kudzisungira malo, mawa tidzakhala alendo pa Thanthwe pathu." Sindinganene kuti mtima wanga unakhazikika, chifukwa amene timanyamula ntchito yolemetsa ndife a kumapeto kwa mzere. Koma ndinayamba kumvetsa kumene mantha amenewo anachokera.

Thanthwe limene ankanenalo ndi phiri la mwala lolowa m'nyanja, pamene pali nyumba ya Kalonga, tchalitchi chachikulu ndi mudzi wakale wa tinjira topapatiza. Anthu a ku Genoa, mzinda wa ku Italy, ndiwo anayamba kumangapo linga m'chaka cha 1215. Pa nthawiyo ku Genoa kunali magulu awiri olimbana, lina la mbali ya Papa, lina la mbali ya mfumu yaikulu ya Ajeremani. Banja la Grimaldi linali la mbali ya Papa, ndipo linathamangitsidwa kwawo. Usiku wa pa 8 Januwale 1297, François Grimaldi anavala mkanjo wa chipani cha Fransisko Woyera, nagogoda pa chipata ngati mlendo wofuna pogona. Alonda atamutsegulira anasolola lupanga limene anabisa mumkanjo, anzake n'kulowa. Mukakwera pa Thanthwe mudzaona chifanizo chake cha chitsulo pafupi ndi bwalo la nyumba ya Kalonga, dzanja lili mkati mwa mkanjo. Pa chizindikiro cha dziko palinso anthu awiri ovala mikanjo yomweyo atagwira malupanga, pansi pake pali mawu a Chilatini onena kuti zonse ndi chithandizo cha Mulungu. Ine monga Mkatolika ndinaima pa chifanizocho nthawi yaitali. Chovala cha munthu wa Mulungu chinagwiritsidwa ntchito yachinyengo, ndipo eni ake sabisa, anachiika poyera.

François sanakhalitse. Lingalo linalandidwa patangopita zaka zinayi, ndipo a Grimaldi anadzalitenganso mu 1331. Anagula Menton mu 1346 ndi Roquebrune mu 1355, malo a minda amene anadzadyetsa dzikoli zaka mazana asanu. Kuyambira pamenepo mbiri yake ndi ya kamwana kofunafuna wamkulu womubisalira kumsana. Kuchokera cha m'ma 1524 anali pansi pa chitetezo cha Spain, asilikali a Spain n'kukhazikika pa Thanthwe mpaka eni ake kutopa nawo. Honoré II, amene anayamba kudzitcha Kalonga mu 1612, anapangana mwachinsinsi ndi mfumu Louis XIII ya France ku Péronne mu 1641, natulutsa asilikali aja. Mkati mwa banja namonso simunali mtendere: mu 1505 Lucien anapha mkulu wake Jean II, iyenso anadzaphedwa ndi mwana wa mlongo wake mu 1523. Zipolowe za ku France zitafika, dzikoli linamezedwa mu 1793, nyumba ya Kalonga inasanduka chipatala ndi mosungira osauka. Linabwezedwa mu 1814, chaka chotsatira n'kuikidwa pansi pa ufumu wa Sardinia.

Mwina mukudabwa kuti dzina limodzi lakhala bwanji zaka zoposa 700. Apa ndi pamene ndinaona chinthu chodziwika kwa ife a chikamwini. Ana aamuna atasowa, ufumu unadutsira mwa mwana wamkazi, mwamuna wake n'kubwera kudzakhala kwa mkazi, kusiya dzina la kwawo, ana n'kukhala a mbumba ya kuchikazi. Zinatero ndi Louise-Hippolyte, amene analowa ufumu mu 1731, mwamuna wake wa banja la Matignon atatenga dzina la Grimaldi. Zinateronso mu 1920 pamene Pierre de Polignac anakwatira Charlotte. Charlotte ameneyu anabadwira ku Constantine, m'dziko la Algeria, kunja kwa ukwati, ndipo bambo ake Louis anachita kumulowetsa m'banja mwalamulo mu 1919, chifukwa wotsatira pa mzere anali wachibale wa ku Germany, zimene France sikanalola nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha. Charlotte ndiye mayi wa Rainier III, ndiponso agogo a Kalonga Albert II amene akulamulira lero.

Gawo limene agogo amalikamba ndi mtima wonse ndi la umphawi. Alendo safuna kukhulupirira kuti Monaco inali dziko losauka, koma pali mwambi wakale umene anandiphunzitsa, wonena kuti: ndine Monaco, ndili pa thanthwe, sindifesa, sindikolola, koma kudya ndimafuna. Chuma chonse chinali mandimu, malalanje ndi mafuta a azitona a ku Menton ndi Roquebrune. Akalonga anawakweza msonkho alimi amenewo, ndipo Honoré V anafika popereka malonda onse a tirigu ndi ufa kwa wamalonda mmodzi, anthu n'kumadya buledi wodula koma woipa. Mu 1848 matauni awiri aja anagalukira, nadzitcha mizinda yodziimira. Sanabwererenso. Pa 2 Febuluwale 1861, Kalonga Charles III anawapereka mwalamulo kwa France, nalandira mafranki 4 miliyoni pamodzi ndi kuvomerezedwa kuti Monaco ndi dziko loima palokha. Anatsala ndi thanthwe, doko, ndi chitunda chouma cha mitengo ya azitona.

Njuga inabwera ngati njira yopulumukira. Mayi ake a Charles III, a Caroline, ndiwo analimbikira nzeru imeneyi, poona kuti ku France kasino inali yoletsedwa pomwe olemera ofuna kutchova analipo ambiri. Zoyamba zinalephera chifukwa kunalibe msewu wabwino wofikira kuno. Zinthu zinasintha mu 1863 pamene François Blanc, amene ankayendetsa kasino ya ku Bad Homburg ku Germany, anatenga bizinesiyo pansi pa kampani ya Société des Bains de Mer, imene ilipo mpaka lero. Hôtel de Paris inatsegulidwa mu 1864, chitunda chouma chija chinatchedwa Monte Carlo mu 1866, sitima inafika mu 1868, ndipo mu 1869 ndalama zinachuluka mpaka Kalonga anachotsa misonkho imene anthu ankadula mwachindunji. Nyumba ya zisudzo ndi nyimbo yomangidwa ndi Charles Garnier inatsegulidwa mu 1879, moyandikana ndi kasino yomweyo.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi: mbadwa za Monaco siziloledwa kutchova njuga mu kasino imeneyo. Zikhoza kugwiramo ntchito, ndipo zambiri zimagwiramo, koma kukhala pa tebulo ndi kuponya ndalama ayi. Agogo akhala moyo wawo wonse pafupi ndi nyumbayo osaponyamo ngakhale khobidi. Eni ake anadziwa kuti chinthuchi chimawononga mabanja, anatchinjiriza ana awo, khomo n'kulitsegulira alendo. Wantchito mnzanga, mawu amenewa uwasunge. Ndaonapo mnyamata wa ku West Africa, wogwira ntchito m'khitchini, akutaya malipiro a mwezi wathunthu pa makina a njuga usiku umodzi, mawa lake akusowa ya sitima. Masiku ano boma silidaliranso kasino kwenikweni. Gawo lalikulu la ndalama zake limachokera ku msonkho wa pa malonda, umene aliyense amalipira akagula chinthu, ngakhale botolo la madzi.

Tsono za kupanda msonkho zija. N'zoona kuti wokhala mu Monaco sadula msonkho wa pa malipiro, koma mawu ofunika ndi akuti wokhala. Ife ogona ku France timawerengedwa ndi a msonkho a ku France, ndipo chaka chilichonse timalemba mafomu awo. Pa malipiro amadulaponso ya penshoni, monga mwa malamulo a Monaco. Ngakhale Afalansa okhala mu Monaco momwemo ambiri amadula kwawo, ndipo chifukwa chake ndi mkangano wa mu 1962. Pulezidenti Charles de Gaulle anakwiya poona anthu ndi makampani akuthawira kuno kuzemba msonkho, ndipo mu Okutobala chaka chimenecho anaika a kasitomu pa malire. Agogo amakumbukira mzere wa magalimoto ndi nkhawa imene inagwira anthu, poti madzi ndi magetsi zinkachokera ku France. Pangano la 1963 linathetsa nkhaniyo: Mfalansa amene anasamukira kuno pambuyo pa Okutobala 1957 azidulabe msonkho kwawo.

Mkangano womwewo ndi umene unafulumizitsa malamulo aakulu oyendetsera dziko a pa 17 Disembala 1962. Oyamba anali a 1911, amene Kalonga Albert I anapereka anthu atachita zionetsero chaka cha 1910, podandaula kuti ntchito zabwino zimapita kwa alendo ndipo iwo alibe mawu. Mwaona kuti dandaulo lija ndi lakale. Malamulo a 1962 anathetsa chilango cha imfa ndipo anapatsa amayi ufulu wovotera aphungu. Lero nyumba ya malamulo ili ndi aphungu 24, osankhidwa ndi mbadwa zokha. Koma musayerekeze ndi ufumu wa ku Britain. Kuno Kalonga amalamuliradi: amasankha Nduna Yaikulu ya boma, boma limayankha kwa iye, ndipo lamulo silikhala lamulo popanda iye ndi aphungu kugwirizana. Monaco inalowa mu United Nations mu 1993 ndi mu Council of Europe mu 2004. Si membala wa European Union, ngakhale ndalama yake ndi euro. Pa ndale, malangizo anga ndi achidule: pa ntchito, m'basi kapena pa intaneti, musanyoze Kalonga ndi banja lake. Lamulo limaletsa, komanso dzikoli ndi laling'ono, mawu amayenda msanga.

Za chipembedzo ndizo zinandithandiza kuti ndisadzimve wotayika. Malamulo a dziko amanena poyera kuti Chikatolika ndi chipembedzo cha boma, ndipo malamulo omwewo amateteza ufulu wopembedza wa wina aliyense. Masiku opuma ambiri ndi a Mpingo: Kukwera Kumwamba, Thupi ndi Magazi a Ambuye, Kutengedwa kwa Maria, Oyera Onse, ndi 8 Disembala. Kale Monaco inali pansi pa episkopi wa ku Nice. Menton itapita, Charles III anafuna kuti Mpingo nawonso ukhale wodziimira, ndipo zinatheka mu 1868. Inakhala dayosizi mu 1887 ndi arkidayosizi mu 1981, yoyang'aniridwa mwachindunji ndi Roma. Tchalitchi chachikulu cha pa Thanthwe anayamba kuchimanga mu 1875 ndi miyala yoyera ya ku La Turbie, pamalo pamene panali tchalitchi chakale cha Nikolasi Woyera. Akalonga amaikidwa mmenemo. Alendo ambiri amathamangira pa manda a Grace Kelly, mayi wa ku America wochita mafilimu amene anakwatiwa ndi Rainier III mu Epulo 1956 namwalira mu Seputembala 1982 galimoto yake itagwa pa msewu wotsika kuchokera ku La Turbie. Pamandapo sipasowa maluwa.

Koma mtima wa chikhulupiriro cha mbadwa uli kumunsi, m'kachigwa pafupi ndi doko, pa katchalitchi ka Devota Woyera. Mwambo umati Devota anali mtsikana wa pa chilumba cha Corsica amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro cha m'ma 304, pa nthawi ya mfumu Diocletian. Akhristu anaba mtembo wake kuti usawotchedwe, nauika m'bwato. Namondwe atawomba, nkhunda inatsogolera bwatolo mpaka pa gombe la Monaco. Patapita zaka mazana ambiri, munthu wina anaba mafupa a woyerayo kuti athawe nawo panyanja, asodzi anamugwira, bwato lake n'kuliwotcha. Chaka chilichonse madzulo a pa 26 Januwale amakumbukira zimenezi.

Ndinawaperekeza agogo ku mwambowu pa njinga yawo ya olumala, nditawafunditsa mabulangete awiri poti mphepo ya kunyanja m'Januwale imalowa m'mafupa. Anthu anali atadzaza pabwalo la kutsogolo kwa tchalitchi. Mdipiti unachokera ku doko, ansembe ndi ana otumikira ali patsogolo. Mapemphero atatha, Kalonga, mkazi wake ndi ana awo amapasa anapatsidwa miyuni, nayatsa bwato la matabwa limene linaikidwa pa mulu wa nthambi zouma. Moto unalilima mpaka kutentha kunatifika kumaso. Agogo ankayimba motsitsa m'chinenero chawo, dzanja lawo litagwira langa mwamphamvu. Moto utazilala, anthu anayamba kufunafuna misomali ya bwatolo m'phulusa, chifukwa amati imabweretsa mwayi. Agogo ali nayo ingapo m'kabokosi, ina anatola ali kamtsikana. Mawa lake, pa 27, ndi tsiku lopuma: Misa yaikulu pa Thanthwe, kenaka mafupa a woyerayo amayenda nawo pa mdipiti kudalitsa nyumba ya Kalonga, mzinda ndi nyanja. Akwatibwi a banja lachifumu amakasiya maluwa awo a ukwati pa katchalitchi komweka. Ndipo inu okonda Formula 1, kona yoyamba ya mpikisano uja, imene olengeza amaitchula kuti Sainte-Dévote, ili pakhomo pa tchalitchi chimenechi.

Lachisanu Loyera usiku kumakhala mdipiti wina m'tinjira ta mudzi wakale, wonyamula chifanizo cha Yesu atafa, wotsogoleredwa ndi gulu la akhristu la pa katchalitchi ka Miséricorde kamene kanamangidwa mu 1639. Ngati ndinu a Anglican, tchalitchi cha St Paul's chilipo ku Monte Carlo ndipo mapemphero ndi a Chingerezi. Ayuda ali ndi sunagoge wawo. Kutchalitchi ndi kumene ndinapeza anzanga oyamba, amayi a ku Philippines ndi ku Cape Verde ogwira ntchito ngati yanga, amene anandionetsa kogula zinthu motsika mtengo ndi kundiuza maufulu anga. Munthu wobwera yekha asadzitsekere m'chipinda.

Sindibisa kuti nthawi zina mtima umandiwawa ndikatuluka mu Misa n'kuona magalimoto a mtengo woti ungamange sukulu ataima pakhomo. Dziko lonena kuti ndi la Chikhristu lakhalanso malo amene ndalama zosadziwika kochokera zimabisala, ndipo mu Juni 2024 bungwe la FATF, lolondola ndalama zachinyengo pa dziko lonse, linaliika pa mndandanda wa mayiko oyenera kuyang'aniridwa pa nkhani yozembetsa ndalama. Koma ndaonanso dzikoli likuvomera tchimo lake poyera. Pa nkhondo yachiwiri, usiku wa pa 27 Ogasiti 1942, apolisi a Monaco anagwira Ayuda amene anathawira kuno nawapereka kwa boma la France la nthawiyo, limene linkagwirizana ndi Hitler. Onse pamodzi, anthu pafupifupi 90 anatengedwa pa zaka za nkhondoyo, ndipo amene anabwerera ndi 9 okha. Pa 27 Ogasiti 2015, Kalonga Albert II anaima kumanda a mzindawu napepesa, natsegula mwala wolembedwa mayina awo. Agogo anali kamwana pa nthawi ya nkhondo. Amakumbukira asilikali a Italy amene analowa mu Novembala 1942, a Germany amene anawalowa m'malo chaka chotsatira, ndi njala. Nkhani ya usiku uja amati kunyumba kwawo sinkakambidwa, anadzaimvetsa ali wamkulu. Manda amenewo ali kumalire a kumadzulo, ndipo aliyense akhoza kulowa.

Chinenero cha boma ndi Chifalansa, ndipo popanda icho ntchito ndi yovuta, ngakhale Chingerezi ndi Chitaliyana zimamveka paliponse. Koma mbadwa zili ndi chinenero chawo, chapachibale ndi cha ku Genoa. Chinatsala pang'ono kufa, chifukwa makolo ankachiona ngati cha osaphunzira. Louis Notari ndiye anayamba kuchilemba mu 1927, pofotokoza nkhani ya Devota Woyera yomwe ija, ndipo mawu a nyimbo ya fuko amene amayimbidwa lero ndi ake. Kuyambira 1976 chimaphunzitsidwa m'sukulu, ndipo mayina a misewu ya pa Thanthwe analembedwa m'zinenero ziwiri. Agogo akatopa kapena akadwala, Chifalansa chimawathawa, amabwerera ku chinenero cha amayi awo. Ndinachita kuphunzira mawu a madzi, ululu, kuzizira ndi tulo kuti ndiziwamva usiku. Amene mudzasamalire okalamba a kuno, konzekerani zimenezi.

Chakudya chawo chenicheni chikuonetsabe umphawi wakale uja. Pitani ku msika wa La Condamine, pa Place d'Armes, m'mawa. Panja pali masamba, zipatso ndi maluwa, mkati muli timalo todyera pamene womanga nyumba ndi wa ku banki amakhala benchi imodzi. Mudzapeza barbagiuan, timitanda ta ufa tokazinga m'mafuta, mkati muli masamba onga sipinachi ndi tchizi. Mudzapeza socca, chikondamoyo chopyapyala cha ufa wa tchana chowotchedwa pa chiwaya chachikulu, chodyedwa chamoto ndi tsabola wakuda. Palinso stocafi, nsomba youma imene amaiviika masiku angapo asanaiphike ndi tomato, adyo ndi azitona. Agogo anandiphunzitsa kupinda barbagiuan atakhala pa tebulo la kukhitchini, zala zikunjenjemera koma m'mphepete mwa mtanda akutseka bwino kuposa ine. Amadya kwambiri pa 19 Novembala, tsiku la fuko, pamene mzinda wonse umavala zofiira ndi zoyera. Kumsikaku ndi kumene wantchito angadye osalira ndi mtengo.

Za mpikisano wa magalimoto, unayamba mu 1929 ndipo umachitika m'misewu yomwe timayendamo. Kwa ife antchito ndi nyengo yovuta: mipanda imayamba kumangidwa masabata angapo usanafike, misewu imatsekedwa, sitima zimadzaza, ndipo okalamba savutika pang'ono ndi phokoso. Okonda mpira mukudziwa kuti AS Monaco imasewera mu ligi ya France. George Weah anayambira pamenepa atafika ku Ulaya mu 1988, Thierry Henry ndi Kylian Mbappé anakuliranso pomwepa. Bwalo lawo, Stade Louis II, lili ku Fontvieille, dera limene analanda ku nyanja pothira miyala m'nthawi ya Rainier III, ndipo dera lina lotere, Mareterra, latsegulidwa mu Disembala 2024. Matikiti a mpira nthawi zambiri savuta kupeza. Abale a ku Zimbabwe ndi ku South Africa amakondwa kumva kuti mkazi wa Kalonga, a Charlene, anabadwira ku Bulawayo mu 1978, nakulira ku Benoni, ndipo anasambirapo m'timu ya South Africa pa Olimpiki. Anakwatirana mu Julaye 2011. Amapasa awo anabadwa pa 10 Disembala 2014. Gabriella ndiye anayamba kubadwa, koma wolowa ufumu ndi Jacques, poti lamulo limatsogoza mwana wamwamuna.

Ngati mukubwera kudzangoona, viza yake ndi ya Schengen, ndipo nkhani za viza ya Monaco zimadutsira ku France. Gonani ku Nice kapena ku Menton, kwerani sitima, kuchokera ku Nice ndi ulendo wosakwana theka la ola. Mzindawu ndi wa zitunda, koma pali zikepe ndi masitepe oyenda okha a ulere, phunzirani pamene ali kuti musathe mawondo. Asilikali a Kalonga amasinthana pa 11:55 m'mawa tsiku lililonse pabwalo la pa Thanthwe, kuonera n'kwaulere. Pafupi pomwepo pali nyumba ya za m'nyanja imene Albert I, kalonga wokonda kufufuza za m'madzi, anatsegula mu 1910, ndipo Jacques Cousteau anaiyendetsa zaka zoposa makumi atatu. Ngati pali malo amodzi oti mulipire polowa, ndi amenewo. Musayende mumzinda opanda malaya, opanda nsapato kapena ndi zovala zosambira, n'zoletsedwa. Apolisi ndi makamera ali paliponse, ndipo akhoza kukuimitsani kufunsa mapepala, makamaka polowera mumzinda. Yendani ndi pasipoti kapena khadi lanu nthawi zonse, yankhani modekha.

Ngati mukufuna ntchito, mvetsani bwino apa. Viza yodzacheza si chilolezo cha ntchito. Bwana ndi amene amapempha chilolezo ku ofesi ya boma yoona za ntchito, ndipo chilolezocho ndi cha ntchito imeneyo kwa bwana ameneyo, mukasintha pamafunika china. Munthu wochokera kunja kwa Ulaya ayeneranso kukhala ndi mapepala omulola kukhala ku France, kapena viza ya nthawi yaitali yodutsira ku ofesi za France ngati adzagone mu Monaco. Palibe wa pa WhatsApp amene angakugulitseni zimenezi. Wina akakuuzani kuti tumizani ndalama akupezereni ntchito ya m'hotela kapena ya pa boti la anthu olemera ku Monte Carlo, mufunseni dzina la bwana, kontirakiti yolembedwa ndi umboni wa chilolezo, ndipo musatumize kanthu musanazione. Mukafika, pasipoti yanu isunge ndinu, osati bwana. Onetsetsani kuti mwalembetsedwa ku thumba la zachipatala ndi penshoni, ndipo mapepala a malipiro a mwezi uliwonse muziwasunga, chifukwa adzafunika pokonzanso chilolezo, pofuna nyumba ya lendi ku France, ndi podzatenga penshoni yanu.